Injini ya Formula Ford Kent 1600 ikamatsalira: komwe mphamvu imathawira ndi mmene mungaibwezere osaphwanya malamulo

Tsiku lililonse la mpikisano dandaulo limakhala lomwelija. Woyendetsa amatsika m'galimoto, kuvula chisoti, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti, "Amisiri, pamsewu wowongoka anzanga akungondidutsa ngati ndaima." Mawu otsatira amakhala opempha kamu ina (shafuti yotsegula mavalavu), kabureta yaikulu, kapena kuti tipale buloko. M'kalasi ya magalimoto a mpikisano ya Formula Ford Kent (Kent ndi dzina la injini yake) zinthu zimenezi n'zoletsedwa, kapena zili ndi malire oti oyendera magalimoto amayeza ndi zipangizo mpikisano ukatha.

Kalasi imeneyi inayambira pa bwalo la Brands Hatch, ku England, mu 1967, ndipo cholinga chake chinali choti apambane ndi woyendetsa waluso osati mwini thumba lalikulu. Jody Scheckter wa ku South Africa, amene anadzakhala katswiri wa dziko lonse lapansi wa Formula One mu 1979, anadzera momwemu. Ayrton Senna nayenso anathamanga m'kalasi yomweyi ku Britain mu 1981. Injini ya kalasiyi ndi ya Ford yamasilinda anayi, 1,599 cc, yopanda turbo, yokoka yokha mpweya kudzera m'kabureta imodzi ya Weber 32/36. Yomangidwa bwino imatulutsa mahosipawa pafupifupi 110. Aliyense pamzere woyambira ali ndi injini yonga yomweyo, choncho mnzanu akamakudutsani ndi mahosipawa asanu, kawirikawiri iye sanawonjezere kanthu. Ndinu amene mwataya asanuwo penapake, ndipo ntchito yathu ndi kuwafufuza.

Zomwe zili pansipa zimagwiranso pa injini ina iliyonse ya mpikisano yopanda turbo kapena supercharger, koma manambala ndi a Kent.

## Musanagwire sipanala

- Pezani malamulo a kalasi yanu a chaka chino, osati a chaka chatha. Ku South Africa mipikisano imayendera pansi pa Motorsport South Africa, ku Britain ndi Motorsport UK, ndipo mpikisano uliwonse umakhala ndi malamulo akeake owonjezera. Chimene malamulo sananene kuti n'chololedwa, muchitenge kuti n'choletsedwa.
- Khalani ndi kope. Lembani tsiku, bwalo, kutentha kwa kunja, majeti (timabowo toyeza petulo ndi mpweya m'kabureta), taimingi (nthawi imene moto umayaka m'silinda), magiya, ndi rpm (maulendo amene injini imazungulira pa miniti) yapamwamba imene galimoto inafika kumapeto kwa msewu wowongoka.
- Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani. Mukasintha jeti ndi taimingi nthawi imodzi galimoto n'kuthamanga, simudziwa chomwe chathandiza. Ikafooka simudziwanso chobweza.

## 1. Ikutsalira pamsewu wowongoka

Limeneli ndi vuto lalikulu kuposa onse, ndipo zifukwa zake ndazindandalika kuyambira chomwe chimapezeka kawirikawiri.

Kabureta sikutseguka yonse. Anthu amaseka ndikayamba ndi chimenechi, koma ndi chimene ndachipeza nthawi zambiri. Waya wa akiseleleta amatamuka, kaboti koimitsa chopondera kamasuntha, kapena asintha mpando ndiye phazi la woyendetsa silikufika pansi. Zimitsani injini, chotsani fyuluta ya mpweya, woyendetsa yemweyo akhale m'galimoto atamanga malamba, aponde mpaka pansi, inu muli kuyang'ana m'kamwa mwa kabureta ndi tochi. Timbale tonse tiwiri totsegula njira ya mpweya tiime chilili. Kachiwiri kakapendekeka pang'ono chabe, injini ikupuma ngati munthu womutseka mphuno imodzi. Musaponde nokha ndi dzanja, chifukwa dzanja lanu limafika pamene phazi la munthu womangidwa malamba silifika.

Ndinaonapo banja lina litasonkha ndalama zokatsitsa injini ya mwana wawo kuti ikamangidwenso. Bambo ake anali atamasula kale mapaipi a madzi. Titasuzumira m'kabureta mnyamatayo ataponda, mbale yachiwiri inali kutseguka theka lokha. Tinakoka waya ndi timasipanala tiwiri, ndipo masana omwewo rpm yake kumapeto kwa msewu wowongoka inakwera.

China chikugwira galimoto, injini ilibe mlandu. Galimoto ikangochoka m'bwalo, ikwezeni pa jeke n'kuzunguza tayala lililonse ndi dzanja. Buleki yogwira, beringi yothina, kapena matayala oyang'ana m'kati kapena kunja mopyola muyezo zimadya liwiro mofanana ndi injini yotopa. Tayala limodzi likatentha pakati kuposa anzake, yambirani pamenepo.

Mavalavu sakutseka bwino. Pa Kent ya mpikisano mphamvu imayamba kuthawira pa mavalavu, maringi asanatope n'komwe. Yambani ndi mpata wa matapeti. Pa injini ya 1600 GT yamumsewu mpata unkakhala pafupifupi 0.25 mm ku valavu yolowetsa ndi 0.55 mm ku yotulutsa, koma tsatirani nambala imene anakupatsani womanga injini yanu, ndipo mumufunse ngati amayeza yotentha kapena yozizira. Mpata ukamachepa wokha mpikisano uliwonse, valavu ikumira m'mpando wake.

Kenako yesani leak-down, kutanthauza kuyeza mpweya wothawa m'silinda, injini ili yofunda. Pisitoni ikhale pamwamba, mavalavu onse otseka, mulowetse mpweya pa bowo la pulagi, ndipo mutchere khutu:

- mpweya ukumveka m'kabureta: valavu yolowetsa
- ukumveka ku ekizozi: valavu yotulutsa
- ukumveka pothirira oyilo kapena pa paipi yopumira: maringi
- thovu m'madzi a rediyeta: gasiketi ya hedi, kapena hedi yang'aluka

Injini yabwino ya mpikisano imataya mpweya wosapitirira 5 pa 100. Ikafika 10, mphamvu yayamba kale kuchoka. Silinda imodzi ikasiyana kwambiri ndi zinzake, vuto lili pamenepo ngakhale nambala yonse ioneke yabwino. Ndi chifukwa chake magulu opambana amatsitsa hedi pakati pa chaka kukapera mavalavu pamene injini yonse idakali bwinobwino. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kumanga injini yonse, ndipo imabweza zambiri.

Taimingi yasuntha. Musayeze injini ikungolira pang'onopang'ono. Mpikisano umachitikira pamwamba, choncho kwezani rpm mpaka pamene distributor, chogawira moto ku mapulagi, yamaliza kutsogoza moto, n'kuwunika ndi nyale ya taimingi. Ma Kent ambiri a kalasi iyi amakonda pakati pa madigiri 36 ndi 40 pisitoni isanafike pamwamba, koma nambala yeniyeni ya injini yanu imapezeka pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini. Tsimikizaninso kuti chizindikiro cha pa pule chikunena zoona. Chikaphonya ndi madigiri atatu, zonse zimene mwayeza chaka chonse n'zolakwika.

Petulo wachuluka kapena wachepa. Kuti petulo apse yense pamafunika magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, koma mphamvu yambiri imabwera petulo akachulukirapo pang'ono, pakati pa 12.5 ndi 13.2. Pa chipangizo cha lambda, choyezera kasakanikidwe ka mpweya ndi petulo, ndi pafupifupi 0.85 mpaka 0.90. Jeti yaikulu ndi imene imalamula pakati ndi pamwamba, ndipo jeti ya mpweya imakonza pamwamba penipeni: ikakula, petulo amachepa kumeneko. Malamulo a kalasi iyi amalola kusintha majeti, koma makosi a kabureta, a 26 mm ndi 27 mm, sakhudzidwa ngakhale ndi sandipepala.

Ambiri timakhulupirira kuti petulo wambiri ndiye mphamvu. Ayi ndithu. Injini yomwa mopyola imalira mokoma, imazizira bwino, koma ndi yaulesi.

Mpweya kapena utsi sukudutsa. Fyuluta yothiridwa oyilo wambiri, paipi ya ekizozi yophwanyika pansi itagunda m'mphepete mwa msewu, kapena sailensa imene zam'kati mwake zagumuka. Izi zimaoneka ndi maso.

Magiya. Bokosi la Hewland la magiya anayi limalola kusintha giya iliyonse payokha. Ngati injini ikufika pamapeto a mphamvu zake msewu wowongoka usanathe, kapena ikufika pokhotera isanakwere n'komwe, vuto ndi giya yachinayi. Mphepo ikasintha kolowera, nambala yoyenera imasinthanso.

## 2. Inkathamanga ku nyanja, kumtunda yafooka

Amene mumagwira ntchito m'magalaja a ku Gauteng mumalidziwa vutoli. Mabwalo a Killarney ku Cape Town ndi Aldo Scribante ku Gqeberha ali pafupi ndi nyanja. Kyalami, bwalo la ku Gauteng, ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, alinso kumtunda komweko. Pamenepo mpweya ndi wopepuka ndi magawo 16 kapena 17 pa 100, ndiye injini ya mahosipawa 110 ku nyanja imatsala ndi pafupifupi 92. Turbo imatha kubweza mbali ina ya zimenezi popanikiza mpweya. Yathuyi ilibe pothawira. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti mamita 100 aliwonse okwera amadya pafupifupi gawo limodzi pa 100.

Chotonthoza n'chakuti onse pabwalopo ataya mofanana. Amene amatsalira ndi amene sanasinthe kabureta.

1. Majeti a ku nyanja ali kumtunda. Mpweya wachepa koma petulo sanachepe mofanana, ndiye injini ikumwa mopyola. Mapulagi akuda, kukamwa kwa ekizozi kuli mwaye. Tsitsani jeti yaikulu sitepe imodzi, yesani, mwina n'kutsitsanso ina.
2. Magiya a ku nyanja. Injini yofooka singakoke giya yachinayi yaitali.
3. Taimingi. Kumtunda injini imalola moto wotsogola pang'ono. Phindu lake ndi lochepa, ndipo mukaiwala kubweza potsikira ku nyanja muwononga.

Choopsa chenicheni ndi ulendo wobwerera. Galimoto yokonzedwa ku Zwartkops ikatsikira ku Killarney ndi majeti aang'ono omwewo, mpweya wachuluka, petulo wachepa, mphamvu yopanikiza m'silinda yakwera. Woyendetsa amabwera akumwetulira kuti lero galimoto ikuuluka, ndipo maulendo angapo otsatira pisitoni imabooka. Musanatsitse galimoto pa ngolo ku nyanja, kwezani majeti, bwezani taimingi. Yambirani kumene petulo ali wochulukirapo, muzitsika pang'onopang'ono.

Nyengo nayonso imachita zomwezo pang'ono. M'mawa wozizira wa mu July ndi masana otentha a mu January pabwalo limodzi lomwelo sizifuna jeti yofanana.

## 3. Ikutsamwa potuluka pokhota

Woyendetsa aponda moto, injini izengereza kaye, kenako n'kudzuka. Kamphindi kameneko kamamutsata mpaka kumapeto kwa msewu wowongoka, ndipo iye adzanena kuti galimoto ilibe liwiro pamwamba pamene vuto layambira kumbuyo. Mufunseni funso limodzi: zikuchitika pokhota paliponse, kapena mbali imodzi yokha?

Ngati ndi mbali imodzi yokha, petulo akukhuthukira kumbali m'kabureta:

- Yezani float, kachipangizo koyandama kolamulira mlingo wa petulo m'kabureta. Ikakhala pamwamba petulo amasefukira m'khosi ndipo injini imatsamwa ndi utsi wakuda. Ikakhala pansi majeti amayamwa mpweya.
- Yezani mphamvu ya pampu ya petulo. Weber imafuna yochepa, pafupifupi 3 psi. Pampu yamphamvu kwambiri imakankha singano n'kudzaza mbale ya petulo ya m'kabureta mopyola.
- Timapaipi toletsa petulo kusefukira, timene malamulo a kalasiyi amalola, onani ngati tilipo ndipo sitinamasuke.
- Zikamachitika kumapeto kwa mpikisano kokha, petulo wachepa m'thanki ndipo paipi yoyamwa ikutsala pamtunda. Siponji ya m'thanki ikakalamba imafumbutukanso n'kutseka fyuluta.

Ngati ndi paliponse:

- Kapampu kothira petulo mukaponda mwadzidzidzi. Injini ili yozima, tsegulani kabureta ndi dzanja muone ngati petulo akutuluka molunjika nthawi yomweyo. Akamadontha, kachikopa kake kang'ambika kapena kabowo katsekeka.
- Mpweya wolowera pambali, pa gasiketi ya pansi pa kabureta kapena pa manifodi. Injini yotere imaliranso mosakhazikika ikaima.
- Woyendetsa akutuluka ndi giya yaikulu, rpm ili pansi kwambiri. Limeneli si vuto la sipanala. Khalani naye pansi muone nambala zake.

## 4. Ikumisa pamwamba

Kumisa, kapena kuphonya moto, kukamayamba pa rpm yapamwamba, yambani ndi magetsi. Amisiri akale ankati mavuto ambiri a kabureta amapezeka ali m'mawaya, ndipo sankanama.

1. Batire. Magalimoto ambiri a kalasi iyi alibe alternator, amayendera batire lokha mpaka mpikisano kutha. Ikamayamba kumisa maulendo omaliza okha, batire latopa. Liyezeni galimoto ikangobwera, osati m'mawa litachoka pa chaja.
2. Waya wa ethi ndi swichi yaikulu yozimitsira magetsi. Galimoto zimenezi zimanjenjemera kwambiri chifukwa injini imamangidwa mosatetezedwa ndi labala. Gwedezani waya uliwonse injini ikulira. Swichi yaikulu ikatopa m'kati imadula moto mwakamphindi, ndipo anthu amaiiwala chifukwa kunja imaoneka yabwino.
3. Mapulagi ndi mawaya ake, chivundikiro cha distributor ndi rotor. Yang'anani kamzere kakuda konga ka pensulo m'kati mwa chivundikiro. Mukabwezera mawaya kumbukirani kuti Kent imawotcha 1-2-4-3, osati 1-3-4-2 monga injini zambiri zamasilinda anayi zimene tinazolowera.
4. Distributor yatha. Mukawunika ndi nyale chizindikiro n'kumavina uku ndi uku, shafuti yake yalendewera kapena giya yoizunguza yadyeka. Ngati mukugwiritsabe ntchito mapointi, sipuling'i yake yofooka imadumpha pamwamba. Onani ngati malamulo anu akulola kuika chamagetsi m'malo mwake.
5. Petulo sakukwanira. Fyuluta yotsekeka, paipi yopindika, kapena kapaipi kopumira thanki katsekeka. Chizindikiro chake n'chakuti injini imayamba bwino msewu wowongoka n'kufa kumapeto kwake, ikapuma pokhota n'kudzukanso.
6. Masipuling'i a mavalavu afooka. Izi zimatsatira kuphonya giya. Woyendetsa anafuna yachitatu n'kulowa yoyamba, injini inakwera mopyola, ndipo kuyambira tsikulo imakana kupitirira rpm inayake.

Pa chachisanu ndi chimodzichi musayesenso pabwalo. Chotsani chivundikiro cha matapeti, zunguzani timitengo tokankha mavalavu ndi zala muone ngati tapindika, yesani leak-down. Valavu yomwe yapsompsona pisitoni imatha kuthyoka mutu tsiku lina, ndipo ikatero imapita ndi pisitoni, hedi, nthawi zina ndi buloko yomwe. Ndimapempha oyendetsa kuti azinena zoona akaphonya giya. Palibe chochititsa manyazi, ndipo mawu amodziwo amapulumutsa injini.

## 5. Zizindikiro za kugogoda m'silinda

Pa galimoto yamumsewu kugogoda, kutanthauza petulo kuphulika mosalongosoka m'silinda, kumamveka ngati timiyala m'chitini mukamakwera chitunda. M'galimoto ya mpikisano, ekizozi ili pambuyo pa khutu, chisoti chili kumutu, simumva kanthu. Mumaona zotsatira zokha. Tengani galasi lokulitsa muyang'ane pulagi iliyonse:

- timadontho takuda ngati tsabola pa dongo loyera la pulagi
- timikanda tonyezimira ta aluminiyamu, kutanthauza kuti pisitoni yayamba kusungunuka
- dongo long'aluka, kapena nsonga yodyeka

Zoyambitsa zake, kuyambira chofala: moto wotsogola kwambiri, petulo wochepa, petulo wa octane (nambala yosonyeza mmene amapiririra kugogoda) yotsika kapena wogonera m'chigubu kwa miyezi, injini yotentha, pulagi ya mtundu wotentha kwambiri, ndi kupanikiza kokwera buloko itapalidwa. Ku South Africa kumtunda kumagulitsidwa petulo wa octane 93 ndi 95, choncho yang'anitsitsani chimene mnyamata wotumidwa ndi chigubu wabweretsa. Mankhwala owonjezera octane amaletsedwa m'mipikisano yambiri yofuna petulo wa pampu, ndipo oyendera amatha kutapa petulo m'thanki kukamuyeza.

Mukaona timikanda ta aluminiyamu, tsikulo mpikisano watha. Kwezani galimoto pa ngolo. Kubweza taimingi sikubwezeretsa chitsulo chimene chachoka pa pisitoni.

Nkhani ya kutsogoza moto ndi imene imakopa ambiri, chifukwa kupotoza distributor ndi kwaulere. Mphamvu imakwera mpaka pamlingo wina, n'kuima kwa madigiri angapo, kenako n'kuyamba kutsika uku kutentha kukukwera. Pa dyno timasankha nambala yaing'ono kwambiri imene ikupereka mphamvu yonse. Kupitirira pamenepo simupindula kanthu, mumangoyandikira phompho.

## 6. Imayamba ndi ukali, n'kumafooka mpikisano ukamapita

Apa ganizirani za kutentha.

- Madzi. Injini zimenezi zimakonda madzi a pakati pa madigiri 75 ndi 90. Chotsani udzu, timiyala ndi zinyenyeswa za matayala m'rediyeta. Tsekani mipata ya m'mbali mwake ndi siponji kuti mphepo idutse m'kati, chifukwa mphepo imasankha njira yosavuta. Tulutsani mpweya wotsekeredwa m'mapaipi. Chivundikiro cha rediyeta chotopa chimavuta kwambiri kumtunda, kumene madzi osapanikizidwa amawira pa madigiri pafupifupi 95.
- Kabureta ikupuma mpweya wotentha wochokera ku rediyeta kapena pansi pa chivundikiro cha injini. Mpweya wotentha ndi wopepuka. Ikani choyezera kutentha pafupi ndi fyuluta muyerekeze ndi kunja.
- Petulo akuwira m'paipi yodutsa pafupi ndi ekizozi.
- Oyilo. Wolimba kwambiri amadya mphamvu, wotentha mopyola amasanduka madzi. Pakati pa madigiri 90 ndi 110 ndi pabwino.
- Matayala kapena woyendetsa watopa. Yerekezani rpm ya kumapeto kwa msewu wowongoka paulendo wachiwiri ndi womaliza. Ngati ili yofanana koma nthawi ikukwera, siyani injini.

Madzi akamachepa popanda podontha, kapena mapaipi akamalimba ngati mwala injini itangolira pang'ono, gasiketi ya hedi yapita. Musathirenso madzi n'kubwerera pabwalo.

## 7. Nyale ya oyilo ikuphethira pokhota kapena pogwira mabuleki

Injinizi zimasunga oyilo m'thanki yapadera, pampu n'kumamukoka kuchokera pansi pa injini. Yezani oyilo injini itangozima ili yotentha. Mukayeza m'mawa, wina amakhala atatsikira m'injini, ndiye mumathira wopyola. Onani mapaipi oyamwa ngati sakufinyika, ndi sefa ya pansi ngati ili yoyera. Muyezo wakale wa amisiri wa mphamvu yokankha oyilo ndi 10 psi pa rpm 1,000 iliyonse.

Mukapeza tizitsulo tonyezimira ngati golide kapena mkuwa m'fyuluta ya oyilo, zimitsani. Ameneyo ndi maberingi, ndipo chotsatira ndi chimene kwathu timati injini yanoka. Dulani fyuluta yakale nthawi iliyonse mukasintha oyilo, mutambasule pepala lake padzuwa.

## 8. Pa dyno nambala yakwera, pabwalo nthawi sinasinthe

Ma dyno awiri sapereka nambala yofanana, choncho yerekezani pa makina amodzi okha. Komanso nambala yapamwamba penipeni si imene imayendetsa galimoto. Ndi magiya anayi, injini imakhala nthawi yaitali pakati, ikukwera kuchokera pokhota. Kusintha kumene kwapatsa hosipawa imodzi pamwamba n'kulanda atatu pakati kwakubwezani m'mbuyo. Pemphani pepala lonse la mzere wa mphamvu, osati nambala imodzi. Ekizozi, imene malamulo ambiri amaisiya yomasuka kupatula phokoso, ndi imene imasuntha mzerewu kwambiri: mapaipi aatali amathandiza pansi ndi pakati, aafupi amathandiza pamwamba.

## 9. Yathamanga, koma oyendera aikana

Palibe chopweteka ngati kulandidwa chikho madzulo chifukwa cha ntchito imene munalipira ndi mtima woyera. Nthawi zambiri sipakhala chinyengo. Pamakhala shopu yopala zitsulo imene inagwira ntchito yabwino ya galimoto yamumsewu osadziwa malamulo a kalasi.

1. Kupanikiza kwapyola malire. Pa Kent ya mtunduwu hedi ndi yafulati, chipinda chowotchera chili m'mutu mwa pisitoni, ndiye kupala buloko kumasintha zinthu msanga. Silinda ndi ya 81 mm m'mimba mwake, choncho 0.1 mm yochotsedwa imachepetsa chipindacho ndi theka la cc. Injini imene muyezo wake wa kupanikiza unali pa 9.3 imafika pafupifupi 9.4. Phindu lake silifika hosipawa imodzi, koma ndi lokwanira kukuchotsani pa mndandanda. Gasiketi yopyapyala ndi mwaye wouma pa pisitoni zimawonjezeranso.
2. Valavu ikutseguka mopyola. Kamu yoperedwanso kapena marokala osakhala a muyezo. Yezani ndi geji ya wotchi pa valavu iliyonse, osati imodzi yokha.
3. Kulemera kwatsika. Flywheel, mapisitoni, makonirodi ndi kirankishafuti zili ndi kulemera kochepetsetsa kololedwa. Flywheel ikapalidwa kangapo pokonza kilatchi imatsika yokha.
4. Njira za mpweya m'hedi zakula mopyola, kapena wina anawotcherera chitsulo m'kati. Kuchotsa chitsulo kumaloledwa mpaka pa muyezo wolembedwa, kuwonjezera ayi.
5. Kabureta yopukutidwa m'khosi. Ya kaunjika muyeze musanaimange.
6. Chidindo chaduka. Ngati kalasi yanu imamata injini ndi waya wa chidindo, musadule popanda woyendera, ngakhale pongofuna kusintha gasiketi.

Mukakayika pa lamulo lililonse, lemberani woyang'anira zaumisiri wa mpikisanowo musanadule chitsulo, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.

## Pofunika womanga injini

Fyuluta, majeti, mapulagi, matapeti, taimingi, float, waya wa akiseleleta ndi leak-down mungathe nokha m'galaja. Izi zotsatirazi pitani nazo kwa munthu amene amamanga injini za kalasi yanu ndipo ali ndi dyno:

- kupera mipando ya mavalavu ndi kukonza njira za m'hedi
- kupala buloko, kubowola masilinda, kuyeza chipinda chowotchera
- kulinganiza kulemera kwa mapisitoni, makonirodi, kirankishafuti ndi flywheel
- kukhazika kamu pa madigiri ake
- injini iliyonse imene yaonetsa zitsulo m'oyilo, aluminiyamu pa pulagi, thovu m'madzi, kapena yakwera mopyola giya itaphonyedwa

Popita musapite ndi injini yokha. Tengani kabureta, manifodi, ekizozi yonse, distributor, koyilo ndi fyuluta ya mpweya zimene mumathamanga nazo, kuti iyesedwe monga ilili m'galimoto. Tengani malamulo a chaka chino osindikizidwa papepala, mapulagi anayi omaliza mutawalemba manambala a masilinda ake, fyuluta ya oyilo yakale, ndi kope lanu lija. Pobwera, akupatseni papepala mpata wa matapeti, taimingi, majeti a ku nyanja ndi a kumtunda, rpm imene simuyenera kupyola, ndi maola amene injiniyo ithamange hedi isanatsitsidwenso.